Zomwe ndinakumana nazo potsatira timu ya hockey ya Manitoba Moose ku Winnipeg

Ngati mwangofika kumene ku Canada ndipo anzanu a kuntchito akukukokerani ku hockey, masewero a ndodo a pa ayezi, pitani ndithu. Koma musanatulutse ndalama ya jezi, tikiti kapena ulendo, werengani kaye izi, chifukwa timu ya mu ligi yaing'ono siyenda momwe ife ozolowera mpira wamiyendo timaganizira.

Ndinafika ku Winnipeg, m'chigawo cha Manitoba, m'chaka cha 2015 pamodzi ndi mayi a kunyumba ndi mwana wathu wamwamuna. Ndinapeza ntchito panyumba ina yosungiramo katundu. Miyezi yoyamba kunali kofunda, dzuwa likumalowa cha m'ma 9 koloko usiku. Mwezi wa Novembala usanafike pakati zinthu zinatembenuka. Pomafika 5 koloko madzulo kunja kuli kale bii, mphepo ikulasa kumaso, aliyense akuthamangira kwawo. Kuntchito nkhani inali imodzi yokha, ya hockey. Pa nkhomaliro ndinkakhala pakati pa anthu koma ndili ndekhandekha, chifukwa palibe chomwe ndinkatolapo. Kusungulumwa kwa nyengo imeneyo n'kumene kunandifikitsa ku bwalo.

Matikiti a Winnipeg Jets, timu ya mu ligi yaikulu ya NHL, anali osayambika pa malipiro anga. Mkulu wina wa kuntchito, mbadwa ya mumzindamu yemwe anali pafupi kupuma pantchito, ndiye anandiuza za Manitoba Moose. Iyi ndi timu ya mu American Hockey League, kapena kuti AHL, ligi yomwe ili pansi pa NHL. Matimu awiriwa amasewerera m'bwalo limodzi pamsewu wa Portage Avenue, lomwe nthawi imeneyo linkatchedwa MTS Centre ndipo pano ndi Canada Life Centre. Ndi ndalama ya tikiti imodzi ya Jets tinkatha kulowa ku Moose banja lonse, anthu atatu.

Masewero oyamba sindinaone chigoli ndi chimodzi chomwe. Ndinagula mipando ya pansi, pafupi ndi galasi, poganiza kuti kuyandikira ndiko kuona bwino. Puck, yomwe amamenya m'malo mwa mpira, ndi kachimbale ka labala wolimba, kakuda, kotambalala mainchesi 3 ndi kochindikala inchi imodzi, ndipo amakaika kaye mufiriji kuti kasamadumphedumphe pa ayezi. Kakamenyedwa diso silikatsata. Ndinkangomva phokoso: ndodo ikuti khwaa, puck ikuti gu pa matabwa, anyamata awiri akugundana pagalasi patsogolo panga penipeni mpaka mwana wanga kundigwira dzanja. Kenako nyali yofiira yayaka kuseri kwa golo, lipenga lalira, anthu aimirira, ife tikuyang'anana. Pa masewero anu oyamba khalani m'mwamba, chapakati pa bwalo. N'kotchipirako komanso mumaona momwe timu yonse ikuyendera. Musalimbane ndi kusaka puck. Yang'anani komwe mitu ya osewera yaloza, ili komweko.

Malamulo ofunika kuwadziwa poyamba ndi ochepa. Masewero amakhala ndi zigawo zitatu za mphindi 20, ndipo wotchi imaima mluzu ukalira, choncho mudzakhala m'bwalomo maola awiri ndi theka kapena kuposerapo. Mbali iliyonse imakhala ndi osewera 5 ndi goloboyi. Osewera amasinthana masewero ali mkati, aliyense akathamanga kosakwana mphindi imodzi amalumpha matabwa n'kukhala pansi, wina n'kulowa. Wosewera saloledwa kudutsa mzere wabuluu wa adani puck isanadutse. Wolakwa amakakhala m'kabokosi mphindi 2, timu yake n'kumasewera yoperewera, ndipo zigoli zambiri zimabwera nthawi imeneyi. Omenyana amapatsidwa mphindi 5 aliyense. Palibe kulepherana: akafanana zigoli amawonjezera nthawi, zikakanikabe amaponyerana mmodzimmodzi ndi goloboyi.

Chimene diso langa linatha kutsata msanga ndi goloboyi, popeza iye sachoka pamalo. Goloboyi wa Moose chaka chimenecho anali Connor Hellebuyck, mnyamata wamtali wa ku Michigan. Timu inali yofooka, adani ankaimenyera kugolo kwake usiku wonse, iye n'kumangotchinga modekha ngati sakumva kanthu. Mwana wanga anamukonda kwambiri. Ndinasunga ndalama ya maovataimu n'kumugulira jezi ya Moose yolembedwa dzina lake kumsana. Inadutsa madola 100, ndalama yomwe mwezi umenewo tinkaifuna pa nsapato za m'nyengo yozizira. Mayi a kunyumba anangoti, "Bambo, dzinali mwalipiriranso padera?" Ndinavomera.

Kumapeto kwa Novembala yemweyo goloboyi wa Jets, Ondrej Pavelec, anavulala, ndipo Hellebuyck anaitanidwa ku Jets. Tinafika ku bwalo mwana atavala jezi yake, pagolo pali wina. Mwana analira. Ine ndinapsa mtima, ndipo m'mawa mwake ndinafunsa mkulu uja kuti timu yomwe ikugonja kale ingalole bwanji kutaya wosewera wake wabwino pakati pa sizoni, popanda ngakhale kugulitsa. Anandikhazika pansi n'kundifotokozera zomwe ndikanakonda kumva ndisanagule kalikonse.

Timu ya AHL ntchito yake yoyamba si kutenga chikho. Ndi kukonzekeretsa osewera a timu yaikulu, monga momwe Bullets Reserve ilili kwa Bullets, kungoti kuno ligi yonse ndi ya matimu otero. Lero AHL ili ndi matimu 32, iliyonse yomangirizidwa ku timu imodzi ya NHL. Osewera ambiri a Moose kontirakiti yawo ndi ya Jets, ndipo ambiri mwa makontirakitiwa ali ndi malipiro awiri, ochepa akakhala pansi ndi ochuluka akakwera. Foni ikhoza kulira m'mawa, madzulo mnyamatayo wavala jezi ina. Palibe kukwera kapena kutsika ligi: Moose itatenga Calder Cup, chikho cha AHL, chaka chotsatira idzakhalabe mu AHL. Ligi ilinso ndi lamulo lochepetsa chiwerengero cha osewera akale omwe timu ingalowetse pa masewero amodzi, kuti malo azikhala a achinyamata. Pansi pa AHL palinso ligi ina, ECHL, komwe Moose nayo imatengako osewera ikaperewedwa.

Kusamuka kwake kumafika pomvetsa chisoni. Eric Comrie, yemwe anatsala pagolo la Moose Hellebuyck atakwera, m'chaka cha 2019 anatengedwa ndi timu ya NHL ya Arizona, n'kupititsidwa ku Detroit, n'kubwereranso ku Winnipeg, zonsezi m'miyezi itatu yokha. Choncho jezi gulani yopanda dzina. Ngati mwana akakamira dzina, muuzeni poyambirira kuti wosewerayo akachita bwino adzachoka, ndipo tsiku lochokalo ndilo lomwe iye wakhala akulilimbikira kuyambira ali wamng'ono. Kwa ife jezi ija inadzakhala chinthu chonyadira pambuyo pake, Hellebuyck atasankhidwa kukhala goloboyi wopambana mu NHL m'zaka za 2020, 2024 ndi 2025, koma anyamata ambiri a mu AHL safika kumeneko.

Mu Januwale 2016 ndinapita ndekha ku masewero a pakati pa sabata, nditachokera kuntchito. M'bwalo simuzizira kwenikweni, juzi imakwana. Vuto lili panja. Ndinatuluka cha m'ma 10 koloko usiku, basi yanga itangodutsa, ndipo ndinaima pasiteji ndilibe chipewa, m'manja muli magolovesi opyapyala a kuntchito. Poyamba makutu ankawawa, kenako anasiya kuwawa, ine n'kumaganiza kuti ndazolowera. Nditafika kunyumba mayi anakuwa ataona nsonga za makutu zitayera mbuu ndi kulimba. Tinaziika nsalu yonyowa ndi madzi ofunda, ndipo magazi atayamba kubwerera ululu wake unandigwetsa misozi. M'mawa panatuluka matuza. A dokotala anati ndinachita mwayi kuti sizinalowe mkati, koma mpaka lero makutuwo amayamba kuwawa kukangozizira pang'ono. Ku Winnipeg kuzizira kumafika madigiri 30 pansi pa ziro, ndipo kukakhala mphepo khungu losaphimba limaundana m'mphindi zosakwana 30. Malo akasiya kumva kuwawa ndiye kuti zafika poipa. Osapukuta mwamphamvu, osaika pa hita kapena m'madzi otentha. Onani nthawi ya basi musanatuluke, ndipo dikirirani mkati. Bwaloli n'lolumikizidwa ndi nyumba zina za m'tauni kudzera m'tinjira tam'mwamba totsekedwa.

Sizoni imeneyo Moose inathera kumunsi ndipo sinalowe m'masewero olimbirana chikho. Ndinafuna kusiya. Mkulu uja ndi amene anandibweza, pondiuza mbiri ya timuyi. M'chaka cha 1996 Jets yoyamba inasamukira ku Phoenix, mzinda n'kutsala wopanda timu ya NHL. Chaka chomwecho Moose inabwera kuchokera ku Minnesota, ndipo kwa zaka 15 ndiyo inali timu ya mzindawu. Inalowa mu AHL m'chaka cha 2001 ikukonzekeretsa osewera a Vancouver Canucks, ndipo mu 2009 inafika m'ndime yomaliza ya Calder Cup n'kugonja kwa Hershey Bears. Mu 2011 Atlanta Thrashers itasamukira ku Winnipeg n'kukhala Jets yatsopano, Moose inapititsidwa kutali ku St. John's, ku Newfoundland, komwe inkatchedwa IceCaps. Inabwerera mu 2015, chaka chomwe ine ndinafika. Mkulu uja ankanena kuti anthu omwe ankadzaza mipando ya Moose zaka zija ndi amene anaonetsa kuti mzindawu ukhoza kusunganso timu yaikulu, ndipo n'chifukwa chake sanaisiye Jets itabwera.

Chomwe chinandipweteka koposa chinachitika sizoni yotsatira. Bambo wina yemwe anali atamwa, atakhala kumbuyo kwathu, anamva ndikufotokozera mwana wanga lamulo lina m'Chichewa. Anawerama n'kutiuza kuti masewero awa si athu, tibwerere ku mpira wathu wamiyendo. Anthu oyandikana nafe anamudzudzula, ndipo oyang'anira bwalo anamuchotsa, koma mwana anali atamva kale. M'basi anandifunsa kuti, "Adadi, n'zoona kuti hockey ndi ya azungu okha?" Ndinalibe yankho. Zikakuchitikirani, musalimbane naye munthuyo. Itanani oyang'anira omwe amaima pamakwerero. Koma funso la mwana silithera pomwepo, ndiye Loweruka lotsatira tinapita ku Millennium Library, pafupi ndi bwalo lomwelo, kukafufuza komwe masewerowa anachokera.

Tinapeza kuti palibe fuko limodzi lomwe lingati hockey ndi yake lokha. Anthu ochokera ku Britain ndi Ireland anabwera ndi masewero awo a ndodo ndi mpira, monga shinty ya ku Scotland, hurling ya ku Ireland ndi bandy yomwe inkaseweredwa pa madzi oundana ku England. Ku Nova Scotia, kum'mawa kwa Canada, anakumana ndi a Mi'kmaq, eni dziko a kumeneko, omwe anali akatswiri osema ndodo za masewerowa kuchokera ku mitengo yokhota mwachilengedwe. Ndodo zawo zinatchuka kwambiri moti kampani ya Starr ya ku Dartmouth, yomwe inkapanganso ma skate, nsapato zotsetserekera pa ayezi, inkagulitsa ndodo zotchedwa Mic-Mac m'dziko lonse. Matauni angapo amalimbirana ulemu woti hockey inabadwira kwawo, monga Windsor ku Nova Scotia ndi Kingston ku Ontario, ndipo mkanganowo sunathe.

Tsiku lomwe ambiri amagwirizanapo ndi la 3 Malichi 1875. Pa tsikuli James Creighton, wochokera ku Halifax, anakonza masewero m'nyumba ya Victoria Skating Rink ku Montreal, osewera 9 mbali iliyonse, ena mwa iwo ophunzira a pa yunivesite ya McGill. Poopa kuti mpira ungadumphe n'kuvulaza oonerera, anagwiritsa ntchito kathabwa kafulati kozungulira, ndipo ndiko kholo la puck ya lero. Malamulo ake anasindikizidwa mu nyuzipepala ya Montreal Gazette m'chaka cha 1877. Lord Stanley, yemwe anali Bwanamkubwa wa Canada, anapereka chikho cha Stanley, chomwe lero amalimbirana matimu a NHL, mu 1892, ndipo chinaperekedwa koyamba mu 1893. Winnipeg Victorias inachitenga mu 1896. NHL inayamba mu 1917, AHL mu 1936.

Tsamba lomwe mwana wanga anakana kulitembenuza linali la chithunzi cha anyamata akuda atagwira ndodo za hockey. M'chaka cha 1895, zaka 22 NHL isanayambe, atsogoleri a mipingo ya Baptist ya anthu akuda ku Halifax anakhazikitsa ligi yawoyawo, Coloured Hockey League, yokhala ndi matimu monga Halifax Eurekas, Dartmouth Jubilees ndi Africville Sea-Sides. Tinawerenganso za Willie O'Ree wa ku Fredericton, munthu wakuda woyamba kusewera mu NHL, pa 18 Januwale 1958, atavala jezi ya Boston Bruins. Anali wosaona diso lakumanja chifukwa puck inamumenya ali wachinyamata, ndipo anabisa zimenezi kuti asamuletse kusewera. Mu NHL anasewera masewero 45 okha; zaka zina zonse za ntchito yake anathera m'maligi aang'ono, monga anyamata omwe ife tinkaonerera. Ndipo mumzinda wathu womwe, Winnipeg Falcons, timu ya ana a anthu obwera kuchokera ku Iceland omwe matimu ena ankawasala, ndiyo inatenga mendulo yoyamba yagolide ya hockey pa Olympics, ku Antwerp m'chaka cha 1920. Mwana anabwereka mabuku awiri, ndipo potuluka anati akufuna kuphunzira kutsetsereka pa ayezi.

Apa ndi pomwe ndalama inayenda kwambiri. Ndinapita naye ku The Forks, pomwe mitsinje ya Red ndi Assiniboine imakumana, komwe m'nyengo yozizira amakonza njira yotsetserekapo pamtsinje woundana. Tinabwereka ma skate tonse awiri. Iye anagwa n'kudzuka, kugwa n'kudzuka, akuseka. Ine ndinagwa chagada, ndinatchinjiriza ndi dzanja, ndipo fupa la pamfundo ya dzanja linathyoka. Kuchipatala sindinalipire chifukwa tinali ndi khadi la zaumoyo la chigawo, koma ndinadikira usiku wonse, ndipo chikhakha chinakhala milungu 6. Ntchito yanga inali yonyamula katundu. Kunalibe ntchito yopepuka yokwanira, maola anga anadulidwa, ndipo miyezi iwiri sitinatumize kalikonse kumudzi. Kuimbira foni amayi anga kuwauza chifukwa chake kunali kovuta kuposa ululu wa dzanjalo. Munthu wamkulu amene sanakwerepo pa ayezi ayambe ndi maphunziro a oyamba kumene, omwe amachitika m'mabwalo a m'madera pamtengo wotsika. Valani chisoti ndi zotetezera manja, pindani mawondo, ndipo mukamagwa gwerani cham'mbali.

Za mwana, musathamangire kusitolo kukagula zatsopano. Zida zake n'zambiri: chisoti chokhala ndi waya kumaso, zotetezera khosi, mapewa, zigongono ndi miyendo, kabudula wokhuthala, magolovesi, ma skate ndi ndodo, ndipo mwana amazikula chaka chilichonse. Pamwamba pake pali ndalama yolembetsera ndi mafuta opitira ku maphunziro a m'mamawa. Tinagula zogwiritsidwapo kale ntchito, kupatula chisoti chomwe ndi bwino kugula chatsopano. Pali mabungwe monga KidSport ndi Jumpstart omwe amathandiza mabanja opeza zochepa kulipirira ana masewero. Lembani msanga sizoni isanayambe, chifukwa ife tinamva za iwo titalipira kale chaka choyamba.

Sizoni ya 2017 mpaka 2018 ndiyo inatibwezera chimwemwe. Moose inali pakati pa matimu amphamvu mu ligi. Mphunzitsi Pascal Vincent anasankhidwa kukhala wopambana mu AHL, Sami Niku wotchinga kumbuyo wopambana, Mason Appleton wosewera watsopano wopambana. Nthawi imeneyi ndinali nditayamba kuona zomwe kale zinkandidutsa: mnyamata yemwe mu Okutobala ankataya puck akapanikizidwa pakona, pofika Febuluwale akutuluka nayo mutu uli m'mwamba. Chisangalalo cha ligi iyi chili pamenepo. Timu inatulutsa Grand Rapids Griffins m'ndime yoyamba ya chikho, kenako Rockford IceHogs inatigonjetsa masewero 4 otsatizana. Masiku omwewo mzinda wonse unali m'misewu utavala zoyera chifukwa Jets inali ikupita kutali m'chikho cha Stanley, ndipo za Moose ankazikamba ndi ochepa. Izi muzizolowere: nyuzipepala ndi wailesi zimayamba ndi timu yaikulu, ndipo nkhani za timu yanu muzidzazisaka nokha pa intaneti.

Sizoni yomweyo ndinataya ndalama ina. Anzanga anakonza zopita pagalimoto kukachemerera timu ku Des Moines, kwawo kwa Iowa Wild, ulendo woposa makilomita 1,000. Ndinasonkha za mafuta, chipinda ndi tikiti. Kutatsala masiku ochepa m'pamene wina anandifunsa za visa. Ligi imagawidwa m'magulu, matimu ena onse a m'gulu la Moose ali ku United States, ndipo khadi lokhalira ku Canada silikulowetsani kumeneko ngati pasipoti yanu ndi ya Malawi. Pamafunika visa, yomwe kuipeza kumatenga nthawi. Anzanga anapita, ine ndinatsala, ndipo ya chipinda ndi tikiti sinabwerere. Ngati mukufuna kuonera timu ili koyenda musanakhale nzika, yang'anani masewero a mkati mwa Canada, monga a ku Calgary, Toronto kapena Laval.

Chifukwa Winnipeg ili kutali ndi matimu ena, alendo akabwera kawirikawiri amasewera kawiri motsatizana asanabwerere. Ndikakhala ndi ndalama ya tikiti imodzi ndimasankha tsiku lachiwiri, chifukwa osewera amakhala atakwiyitsana kale dzulo lake ndipo masewero amatentha. Ndi ana, masewero a masana a Loweruka kapena Lamlungu ndiwo abwino: mumatuluka kusanazizire kwambiri ndipo mabasi amakhala akuyendabe pafupipafupi. Idyani kunyumba musananyamuke, popeza zakudya za m'bwalo zikhoza kukudyerani ndalama yofanana ndi tikiti. Musagule matikiti a sizoni yonse chaka choyamba. Pamakhala timagulu ta masewero ochepa tomwe timakupatsani mpata woona ngati mashifiti anu akulola. Ndipo m'mawa wa tsiku la masewero onani mndandanda wa osewera pa tsamba la timu musanamulonjeze mwana kuti akaona wakutiwakuti.